Waya Wofiira wa Galimoto ya Bambo

Lolemba, 4 Ogasiti

Galimoto ya malemu bambo yakana kulira. Ndikapotokola kiyi, zii. Ukwati wa mwana wanga Sirine ndi Loweruka lomweli, ndipo bambo analonjeza asanamwalire kuti mdzukulu wawo adzapita kwa mwamuna wake m'galimoto imeneyi. Ya 1972, yoyera, mipando yofiira. Mwezi wathawu ndinaiyendetsa mpaka kudoko la Sfax n'kubwerera, bwinobwino.

Mlongo wanga Fethi wandipeza mutu uli m'boneti. Akuti, "Aphunzitsi, izi si za pa bolodi ayi. Chitsulo chafa ichi, tigulitse." Zaka makumi awiri ndi zisanu ndikuphunzitsa za magetsi kusekondale. Iye babu ikapsa amaitana munthu. Chimimba basi, ndi pakamwa.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Batire ili ndi moto. Nyali zikuyaka, hutala ikulira. Ndapala mitu ya batire ndi sandipepa, palibe kusintha. Kenako ndalumikiza timitu tiwiri ta pa sitata ndi sikuludiraiva, yazungulira mpaka mphaka wathawa pansi pake. Ndiye sitata ndi yamoyo. Moto ukusowera pakati pa kiyi ndi sitata.

Fethi wabwera ndi munthu wa ku Tunis wogula magalimoto akale. Nsapato zoyera, kusisita utoto ngati ndi yake kale. Pabwalo la amayi, osandifunsa! Ndinamuuza achotse dzanjalo. Fethi n'kuti, "Musadabwe bwana, mwamuna wake anathawa pakamwa pomwepa." Pamaso pa mlendo. Sipanala inali m'manja mwanga. Mulungu yekha anandigwira mkono.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Kutentha koopsa. Ndamasula chivundikiro cha pansi pa chiwongolero. Mawaya a bambo! Tepi pamwamba pa tepi, wina wochokera pa wailesi yakale, wina sindikudziwa ukupita kuti. Ndapsa chala.

Makaniko Slah wa pakona wabwera, womutuma ndi Fethi. Sanawerame n'komwe. "Mayi, mawaya onsewa ndi ozula, milungu itatu." Anapangana kale, zikuonekeratu. Ndamuuza akamwe khofi kwa amene wamutumayo.

Sirine pafoni, misozi. Diresi yathina m'chiuno. Akuti, "Amayi, bwanji tingopeza galimoto ina?" Ayi.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Ndaupeza. Dzulo tsiku lonse chagada pansi pa chiwongolero, ndi kababu koyesera moto, waya ndi waya, thukuta m'maso. Waya wofiira wochoka pa kiyi kupita ku sitata, wodulidwa. Si ukalamba, si khoswe. Wodulidwa mwaukhondo, nsonga zake zobisidwa mu tepi yatsopano. Wa ku koyilo, wopereka moto ku mapulagi, nawo anauzula n'kuukankhira kuseri kwa injini.

Ndalumikiza onse awiri. Kupotokola kamodzi kokha, injini yalira. Ndinakhala ndagwira chiwongolero. Chimwemwe ayi. Ukali wokhawokha.

Masana, amuna atabwerako ku swala kumzikiti, tonse tikudya kusikusi, timibulu ta tirigu tophika, ndi nsomba, makolo a mkwati ali pomwepo, ndinaponya kachidutswa ka wayako m'mbale ya Fethi. Ndinamutcha wakuba. Ndinati wadula dala kuti igulidwe ngati chitsulo chakufa, iye akadyere kumbali ndi mnzake wa nsapato zoyera uja. Anaimirira. "Ndikulumbira pa manda a bambo, Raoudha, sindinaikhudze." Ndinamuyankha kuti manda amenewo sanawapondepo chiikire maliro. Anatuluka nsapato zili m'manja, mkazi wake pambuyo. Amayi anangoyang'ana m'mbale mwawo.

Aziona. Sindikudandaula.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Sirine wakwatiwa. M'galimoto ya bambo sanakwere.

Dzulo m'mawa ndikumangirira maluwa pa boneti, amayi anatsika masitepe okha ndi ndodo yawo. Anati, "Waya uja ndinadula ndine, ndi sizasi yanga yosokera. Zaka makumi anayi ndikuwapatsira zitsulo bambo ako akamakonza, ukuyesa sindinaphunzire?" Ndinaseka, ndimati nthabwala. Iwo osaseka. "Lachinayi lililonse galimotoyi inkapita ku Mahres, kwa mkazi wina. Ikabwera woitsuka ndinali ine, kutola tsitsi lake pampando. Mdzukulu wanga sayamba banja atakhala pampando umenewo."

Ndinawafunsa chifukwa chake sananene Lolemba pomwe. Akuti ndinkawakonda kwambiri bambo, ndiye ankafuna ndilephere ndekha, ndigonje, ndisamve kanthu. Nanga Fethi, ndikumunyoza pamaso pa alendo, inu muli phee? Anati, "Ndinachita mantha, mwanangu." Zaka makumi asanu ndi atatu, kachikalamba kochepa ngati mwana, kanaima padzuwa kakulira. Ndinafuna kuwakalipira. 

M'malo mwake ndinamasula maluwa aja. Ndinazulanso waya wa ku koyilo ndi dzanja langali, n'kuuza anthu kuti yafanso. Slah anaseka mpaka msewu wonse unamva. Sirine anapita m'galimoto ya akuchimuna, yatsopano, yozizira m'kati, akumwetulira. Iye analibe nazo ntchito chiyambire.

Fethi sanabwere. Mpando wa amalume a mkwatibwi unali wopanda munthu, aliyense kundifunsa ine. Lero ndamuimbira kanayi, akudula. Kuti ndimupepese bwino ndiyenera kumuuza amene anadula wayayo, koma amayi andilumbiritsa kuti ndisauze munthu, makamaka iyeyo.

Ndavala kale nsapato. Ndikupita kwake. Chokanena akatsegula chitseko, sindikuchidziwa.