Juzi ya Kezia

Lachiwiri, 4 Juni

Tsiku lomaliza lija tinali pakhonde. Mkazi wanga Kezia akusoka batani pa juzi yake yobiriwira, ine ndikukonza tcheni cha njinga. Anandiseka kuti ndadzola girisi pamphuno. Kenako anati mutu, nkuika juzi pambali. Mawa lake chipatala. Basi.

Tsopano mwana wathu Vitumbiko ali m'manja mwa apolisi. Loweruka alamu anga a Hezron anabwera kuchokera ku Hewe kudzatenga zovala za mlongo wawo. Kwawo achibale amagawana zovala za malemu maliro akapita. Ine wa ku Ntcheu ndakhala ndikungoti dikirani. Ananyamula okha sutikesi ya zovalazo. Mwana anawamenya ndi mpini pachipumi, mpaka anakawasoka.

Mayeso a Fomu 4 ayamba mwezi wamawa.

Lachisanu, 7 Juni

Belo yakanika, poti anayamba wathawira kuphiri. Amutumiza kundende. Loya sindingamukwanitse. Atipatsa wa boma, Mayi Rahab.

Ndimayembekeza kuti afunsa za mpini. Iwo anafunsa ngati mwana amagona, ngati amadya, ndi kuti mowa anayamba liti. Mowa? Sindimadziwa. Nyumba imodzi.

Lachinayi, 13 Juni

Mayi Rahab amagwira ntchito ndi Bambo Amock, oona za chisamaliro cha anthu. Iwowa apita kusukulu kukapempha kuti dzina la mwana lisafufutidwe, amutengera makope, amupezeranso mlangizi wa kuchipatala. Inenso akuti ndikaonane naye. Ndangoti yewo.

Ndamuona Vitumbiko. Milomo yosweka, malaya amodzi. Kuzizira kwa chaka chino. Sanandiyang'ane. Anati, "Adada, sutikesi ija ilipo?"

Lachitatu, 19 Juni

Mlandu Lolemba. Mayi Rahab akuti khoti likhoza kulola kuyanjana ngati wovulala avomera. Apo ayi, mwina miyezi m'ndende, mayeso apita. Bambo Amock anafika ku Hewe. A Hezron safuna chipepeso. Akufuna zovala, ndipo ndikapereke ndekha.

Bambo Amock sanandikakamize. Anangondifotokozera, nkundisiya.

Sutikesi ili pansi pa bedi. Sindinaitsegulepo. Ikachoka, m'nyumba muno mutsala chiyani?

Loweruka, 22 Juni

Ndapita. Sutikesi pakaliyala wa njinga, fumbi njira yonse. Sindinachotsemo kanthu.

A Hezron anaitsegula pamphasa, azilamu onse atazungulira. Zitenje, nsapato za kutchalitchi, duku. Fungo la sopo wa Kezia. Ndinayang'ana nkhuku.

A Hezron, chipsera chikuoneka, anatulutsa juzi ija. Anaigwira nthawi yaitali. Anati, "Kundende kukuzizira chomene, alamu. Iyi mukampatse mwana." Za Lolemba anangoti adzabwera. Zomwe adzanene, sindikudziwa.

Pofika kunyumba ndaona kuti singano ikadali pomwe Kezia anaisiya, batani likulendewera. Kundende singano salola.

Ndamaliza kusoka ndekha. Lakhota pang'ono. Mawa ndikampatsa.