Amama Akuonani pa Chithunzi Changa

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Ine ndili bwino, koma amama akundisowetsa mtendere.

Ku koleji anatiuza kuti tijambule khamu la anthu ndi penti. Ndinapita pa boda pa Mwami, koma amalonda anakana kuti ndiwajambule nkhope, ati ndatumidwa ndi akasitomu okhometsa msonkho. Ndiye onse ndinawajambula chakumbuyo. Nditafika ndi chithunzicho kunyumba, amama analoza msana wa mwamuna wina n'kunena kuti, "Uyu ndi mwana wanga. Bwanji sakutembenuka?"

Pano achipachika kuchipinda kwawo, akumachilankhula, kudya sakudya. Aphunzitsi akuchifuna Lolemba, koma ndiwalanda bwanji?

Munthu wapachithunziyo ine sindingamutembenuze. Chonde achimwene, imbani foni amve mawu anu. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tiyanjane