Amayi Akana Kulowa M'dziwe

Loweruka, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse.

Tafika masana kuno ku loji ya pa kasupe wa madzi otentha. Tinanyamuka ku Mavwere m'mamawa, ine, amayi, ndi amuna anga, bambo a Tadala, akuyendetsa. Anzanga a geni pa boda ndiwo anandiuza kuti madzi a kuno amathandiza maondo. Amayi chaka chino sanathe n'komwe kukumba mtedza.

Malo ndi abwino. Madziwo akununkha ngati mazira owola, nthunzi ili tolotolo, anthu akhala m'dziwe mpaka m'khosi, amuna ndi akazi pamodzi. Zimenezo ine sindinaziganizire. Amayi anaima patali, n'kumangitsa chitenje.

"Ndivule pano, akamwini ali pomwepa? Iwe, mutu wako ukuyenda bwino?"

Bambo a Tadala anamva. Anangopita kukakhala m'galimoto kuseri kwa mpanda mpaka dzuwa kupendeka. Ndinawauza amayi kuti achoka. Akuti galimoto ili ndi magalasi.

Ndiye ndinabwereka ndowa kukhitchini, n'kutunga, n'kusenza mpaka kuchipinda. Pali kamtunda ndithu, ndipo kunali mphepo. Amayi anaviika mapazi, koma madziwo anali atapola kale.

"Ulendo wonse uja tadzera amenewa? Kwathu ndimafunditsa kuposa pamenepa."

Palibe mwa ife atatu walowa m'dziwemo. Mawa tibwerera. Amayi apempha chigubu, akuti atengereko anzawo a kumpingo madzi ochiritsawa. Akuti akakafika akawatenthetsa pamoto.