Mapaketi Asanu M'thumba la Nandolo

Kwa Nazombe, Phalombe
14 Ogasiti 2006

Wokondedwa mlongo wanga Hector,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa alamu anga a Peggy ndi ana kumeneko ku Ndirande. Ife kuno tadzuka, nandolo tathyola. Koma za amayi sindikunamiza, sizili bwino.

Ukukumbukira mu Febuluwale tinapita nawo kuchipatala chachikulu ku Blantyre, anawalowetsa m'makina ojambula m'mutu aja. Adokotala anatilozera chithunzi n'kutiuza kuti matenda a shuga a zaka zambiri awononga timitsempha ta magazi mu ubongo, ndipo ubongowo wayamba kuchepa, n'chifukwa chake akuiwalaiwala. Anati zowonongekazo sizibwerera, koma zotsalazo tingaziteteze akamamwa mankhwala ndi kusiya zotsekemera. Iweyo unalipo. Envulopu ya zithunzi ija unanyamula ndiwe.

Ine ndinamvera. Tiyi ndimawapatsa wosathira kanthu, phala la mgaiwa ndimangoikamo nsinjiro. Koma chiyambire Juni zinthu zikungoipiraipira. Za napolo wa 1991 amafotokoza bwinobwino, mpaka maonekedwe a mbuzi zathu zimene zinakokoloka, koma uwafunse ngati adya m'mawa, sakudziwa. Akawayeza kuchipatala kwathu kuno, anamwino amakalipira ine, ati ndikuwadyetsa chiyani. Ine! Munthu amene ndinasiya kugula shuga m'nyumba mwanga, ana anga akumwa tiyi wowawa chifukwa cha agogo awo.

Ndinayamba kukayikira amalume a Davison. Munthu ankatha chaka osaponda pakhomo pano, lero Loweruka lililonse ali pompano ndi kachikwama kukhwapa, n'kuwatenga amayi kuti akawongole miyendo kumunda wa kumsewu. Tsiku lina amayi anabwerako akunena kuti mundawo anapereka kale. Nditafunsa kuti kwa yani, anali ataiwala kale.

Munda umenewu ukuudziwa. Ndi womwe uja unapempha chaka chatha kuti umangepo chigayo, amayi mutu ukugwira bwinobwino n'kukukaniza tonse tikumva. Anati malo kwathu kuno ndi a ana aakazi, mwamuna amakalima kwa mkazi wake.

Lachiwiri lapitali ndinafuna kupeta nandolo, ndiye ndinapisa dzanja m'thumba limene lili kuchipinda kwa amayi. Hector, mapaketi asanu a shuga! Atatu anali atatha kale.

Apa ndiulule tchimo langa. Ndinakulunga mapaketiwo m'chitenje, liwiro kwa amalume, ndipo ndinawatukwana pamaso pa akazi awo. Ndinawanena kuti ndi mfiti yopha mlongo wake ndi supuni. Amalumewo sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi katoni yomanga ndi chingwe, yongofika kumene pa matola, nati shugayo amabwera m'makatoni otere, iwo ndi ongonyamula chabe. Dzina la pakatonipo linali lawo, koma dzanja lolembalo ndi lako. Kulemba ndinakuphunzitsa ndine, pamchenga kuseri kwa nyumba, ndiye sindingalisokoneze.

Masiku onsewa ndakhala ndikukuikira kumbuyo mumtima mwanga. Ndimati mwina mawu a adokotala sunawamvetse. Mwina unangowamvera chisoni, poti amayi ndi tiyi wotsekemera sanayambe lero. Koma ngati chinali chisoni, bwanji katunduyo sunkatumiza kwa ine amene ndimawasambitsa? Bwanji ukudzera kwa amalume, eni mbumba, amene mawu awo ndiwo amamveka pa nkhani za malo? Nanga njerwa zimene anthu ayamba kuumba m'mphepete mwa mundawo n'za yani? Ndawafunsa oumbawo, akuti anawatuma ndi bwana wa m'tauni.

Shuga uja ndinakataya m'chimbudzi, amayi akuona. Dzulo kunabwera amayi a mvano kudzawazonda. Amayi athu anawauza kuti m'nyumba mwawo mwalowa mzimayi wakuba amene sakumudziwa, ndipo mwana ali naye mmodzi yekha, Hector, amene sawaiwala. Ndinali pomwepo pamphasa, ndikuwawenga zikhadabo. Ndinamaliza zala zonse khumi, kenako ndinakalirira kukhitchini.

Mlongo wanga, ngati ukufuna munda, bwera udzandiuze maso ndi maso, tikangane ngati ana a mimba imodzi. Mwina ndidzakupatsa ndithu, ndatopa. Koma kaubongo kamene kawatsalira amayi uwasiyire. Ndikufuna tsiku limene Mulungu adzawaitane, adzapite akudziwa kuti ine ndine Lenia.

Katoni ija ndinabwera nayo, ili pansi pa bedi langa yosamasula. Udzamasule wekha, ine ndikukuyang'ana.

Upereke moni kwa a Peggy, umupsompsone mwana wako Madalo. Ambuye akusunge ndi kukuyendetsa bwino panjira, ndipo ngati ndakuganizira zoipa pachabe, andikhululukire.

Ndine mlongo wako,
Lenia