Phiko la Njiwa Yanu

Amayi, kodi muli bwanji kumene mwakhazikikako? Kuno ku Chiparamba tadzuka, ngakhale mphepo ya Juni yayamba kutilowa m'mafupa.

Ndiyambe ndi zokoma. Mng'ono wanga Misozi wabereka mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Kamwanako kakagona kamakwinya nkhope ngati mmene munkachitira polowetsa ulusi m'singano. Nshawa zachita bwino, koma thonje latikhumudwitsa. Mango aja a kuseri kwa khitchini achita maluwa msanga, mwina akudziwa zimene ife sitikudziwa.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Amuna anga, bambo a Dalitso, anawachotsa ntchito ku kampani ija ya thonje, ndiye ndaganiza zoyamba kupeta nsalu pakhomo pano: za pathebulo, za pamipando, za makanda. Zosoka madiresi ndazitaya, zovala zakale zotchipa za salaula zinatha zonse. Koma maluwa opeta pamanja, amayi a m'tauni akuwafunabe. Masana ndikakhala pakhonde ndimayamba kulota ndili maso. Ndimaona kachipinda ka zenera lalikulu, ulusi wa mitundumitundu uli ndandanda pakhoma, inu mutakhala pampando wanu uja mukundidzudzula.

Loweruka ndinapita ku Chipata kukaona zipangizo kumashopu a amwenye. Amayi inu, kuli makina! Ena amapeta okha mizere yokhotakhota, phokoso lake ngati mvula pamalata. Ndinawasisita mpaka mwini shopu anatsokomola. Kenako ndinakumbukira kuti kwathu kuno magetsi timangowaonera pamawaya odutsa kumsewu, ndinaseka ndekha. Ndinagula singano, nsalu yoyera ndi ulusi. Ulusi wofiira ndinayamba ndaunyowetsa ndi malovu n'kuupaka pampango, paja munkati, "Ulusi wosuluka umakuchititsa manyazi pakhomo pa eni."

Chimene chinandivuta ndi mkombero womangirapo nsalu. Ya m'shopu ndi yapulasitiki, siigwira, nsalu imangoterereka. Mkombero weniweni ndi wanu uja wansungwi, umene abambo anakupangirani. Koma mukudziwa pamene uli. Ukadali m'sutikesi mwanu, utagwira nsalu ija munkandipetera musanagonekedwe m'chipatala: njiwa ya phiko limodzi, singano ili pomwe munaibaya. Chichokereni kumaliro sindinaikhudze. Kuti ndiyambe ntchito ndinafunika mkomberowo, koma kuichotsapo njiwayo ili yolumala choncho mtima unakana.

Ndiye ndinati ndiimalize. Ndinasoka pang'ono, aa, zonyansa! Nthenga zanu zapendekera uku, zanga uko, ngati mbalameyo yapunthidwa ndi kamvuluvulu. Ndinaphwasula, ndinayesanso, chimodzimodzi. Ndinalira, Amayi, ndisakubisireni. Nditatenga sizasi yanu kuti ndidule ulusi, nayonso inangoutafuna. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti sizasi ija abambo anainolera dzanja lamanzere.

Inutu munali amanzere. Kudya, kupereka moni, kulandira zinthu, zonse munkachita ndi lamanja monga anakuumirizirani kusukulu ya mishoni. Koma kupeta munkapetera kuseri kwa nyumba, ndi dzanja lanu lenileni. Ndipo ine ndili wamng'ono, ndikangotola supuni ndi lamanzere, kachikoti kanali pompo. "Manzerewa ndi anga, iwe usatengere, anthu angakuseke." Ndinakumverani mpaka ndinaiwala kuti ndinabadwa wotani.

Dzulo masana, pansi pa mtengo wa mango, ndinasamutsira singano kudzanja linalo. Linachita chilendo ngati mwana wobwera kwa agogo osawazolowera. Ndinadzibaya kangapo, magazi ndinayamwa kuopa kudetsa nsalu. Koma pang'onopang'ono zala zinayamba kuyenda zokha, nthenga n'kumagona mbali yomwe zanu zagona. Misozi atabwera ndi khanda lake anayang'anitsitsa, ndipo analephera kuloza pamene inu munalekezera.

Zipangizo zanga ndasankha, Amayi: mkombero wanu, sizasi yanu, ndi dzanja lija munkalimenya. Sindikukusungirani chifukwa, ndikudziwa kuti munkanditeteza. Kungoti ndakusowani, ndipo ndikamapeta ndimamva ngati mwandigwira pamkono.

Njiwa yatsala nthenga zakunsonga zokha. Ndikaimaliza sindiigulitsa, ndidzaiyala pathebulo langa monga munafunira. Ndipo ndikukulonjezani kuti kamnzanu ka dzina kaja kakadzatola supuni ndi lamanzere, palibe adzakamenye. Ndidzakapatsa singano, tidzapetera pakhonde, poyera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tikambenji