Chikumbu Chija Ndachiyang'ananso

Nélida wanga,

Usalowe m'khitchini. Chikumbu cha nyanga zazitali chija ndinakuuza kuti chimangodya mitengo yowola ya m'tchire, si chimenecho. Ndachiyang'ananso: mawanga akumsana ndi anayi, osati awiri. Ndi chinzake choboola matabwa, monga unanenera iwe wosaphunzira za tizilombo. Ine, mphunzitsi wa zimenezi kwa zaka makumi awiri, ndatsimikiza m'mawa uno mtanda wa denga utagwera pa chitofu. Mphaka ali moyo, koma khofi ndi ma arepa, timikate ta chimanga tija, zapita.

Ndathamangira ku Salamina kukatenga Don Hermides, kalipentala. Pepa ndithu. Amayi ako akafika masana, uwakhazike pansi pa mtengo wa mapeyala, osati pakhonde. Khondelo ndinenso ndinati lili bwinobwino.

Mwamuna wako katswiri,
Evaristo