Kakompyuta ka Mkamwini Kakana Kuyimba

Lolemba, 4 Malichi
Mkamwini wandibweretsera kompyuta. Kanthu kake kochepa ngati sopo, kopanda chikuto, matumbo onse pamtunda. Akuti muli nyimbo zonse za pa unyamata wathu. Posangalala, wailesi ya mayi a kunyumba ndapatsa mlonda wa pageti. Eni ake sindinawafunse.

Lachiwiri, 5 Malichi
Kanyali kakuyaka. Mawu zii. Mayi akuti, "Bambo, kakapanda kuyimba kameneka, mukatenge wailesi yanga, olo mokwawa." Ine kukalanda chinthu chimene ndinapereka ndi manja awiri? Nkhope ndikaiika pati?

Lachinayi, 7 Malichi
Pafoni mkamwini akuti mawu ali ndi makomo ake. Ena amatulukira pa kabowo ka mahedifoni, ena pa chingwe cha tivi. Omveka bwino kwambiri amafuna kabolodi kena kovekera pa timano ta kakompyutako. Ine ndangogwira zoti bwino kwambiri. Ndapita kusitolo ya zamagetsi. Wogulitsa wafunsa kuti kanga n'ka mtundu wanji. Ndati kobiriwira.

Lachisanu, 8 Malichi
Kabolodi kakana kulowa. Timabowo kwake, timano kwake. Pa timano tina pakhala kale kafani koziziritsa. Koma moyo wanga wonse ndasoka nsapato, ndipo yothina sitibweza, timaifutukula. Kafani ndachotsa. Timano ndapinda ndi pulayala, kamodzi ndapala ndi tupa. Kalowa bwinobwino. Kenako kafungo ka mphira wopserera. Mayi angotsegula zenera. Bola akanandikalipira.

Lamlungu, 10 Malichi
Mkamwini wabwera. Wayang'ana ntchito yangayo nthawi yaitali, ulemu ndi misozi zikulimbana pankhope. "Bambo, imeneyi si nsapato." Kabolodi kanga kapsa, komanso akuti kanali ka kompyuta ya mtundu wina. Kakompyuta kakeko kapulumuka, Mulungu ndi wabwino. Wawongola timano, wabwezera kafani, walumikiza chingwe ku tivi, wakauza kuti mawu azidzera kumeneko. Kayimba! Maso anga anyowa pang'ono.
Koma kakamayimba, sewero la mayi pa tivi silioneka. Ndiye kuti ndawalanda ziwiri.

Lachiwiri, 12 Malichi
Ndavala jekete, ulendo kwa mlonda. Mawu opepesa ndayeserera njira yonse. Ndisanamalize moni, munthu wayamba kuseka. "Madala, wailesi amayi anadzatenga tsiku lomwelo. Anati ndisakuuzeni, muli pa sukulu ya kompyuta."
Ndabwerera. Ndakhala pampando, jekete osavula. Kuchipinda chitseko n'chotseka, ndipo chapansipansi ndikumva nkhani za masana.